Ulusi Wosunga Mphenzi

Masana a ku Tete sakhululuka.
Phula la pamlatho lafewa,
Zambezi wagona chagada, akupuma nthunzi,
ine ndili m'chipinda chopanda zenera
kudikirira dontho limodzi
lolendewera kunsonga kwa singano.

Ndi dontho la pulasitiki wosungunuka,
lonanda ngati ulimbo.
Ndikayatsa magetsi limanjenjemera,
limasongola mlomo, kenako psiii,
kulavula ulusi woti diso silingaugwire.
Tsitsi langa pambali pake ndi thunthu la mlambe.
Umavina m'malere, umapiringizika,
n'kukagwera pa mgolo wozungulira,
wina pa unzake, wina pa unzake,
mpaka madzulo ndakolola
kansalu kongokwana chikhatho.
Kangaude akanandiona akanaseka chikhakhali.

Koma kangaude sadziwa ichi:
ulusi wanga umatsala ndi mphenzi m'mimba.
Ukukumbuka, Delfina, tili ana ku Ulongwe,
tikukhutiza cholembera m'tsitsi
kuti chitole tizidutswa ta pepala?
Mphamvu yake ndi yomweyo,
ine ndangoiphunzitsa kukhalitsa.
Fumbi likamadutsa, ulusiwu sulimbana nalo,
umaliitana mwaulemu,
lokha limapatuka panjira n'kukakamira.

Ndinkaganiza za bambo ako posoka,
malume Anastasio,
zaka khumi ndi zinayi akumeza malasha a ku Moatize.
Kwanu malaya oyera sachedwa pachingwe,
tiyi ukamusiya pakhonde amavala chipewa chakuda,
ndipo chifuwa chawo usiku
chimamveka ngati munthu akukoka lata pamiyala.

M'mawa uliwonse ndimayeza zotsala.
Ndili ndi kope lodzaza manambala otsika.
M'chilimwe mphenzi imakhala masabata,
yaulesi, yosafuna ulendo.
Ikafika Januwale, chinyezi chimalowa ngati mbala yodziwa nyumba,
kutapa pang'ono lero, pang'ono mawa,
osathyola chitseko.
Thukuta nalo limaba.
Ngakhale mpweya wa munthu amene ndikumutchinjiriza
umanyambita mphamvuyo pang'onopang'ono.
Ndasintha msanganizo kasanu ndi kawiri.
Wachisanu unapsa. Wachisanu ndi chimodzi unangodontha,
ine n'kulira pa sinki ngati wafedwa.

Wachisanu ndi chiwiri ndiwo ndinakupatsira,
nditausokera m'kati mwa chophimba kukamwa.
Masabata atatu unandiimbira:
akuti akupuma ngati mnyamata,
akuti safuna kuchivula ngakhale popita kutchalitchi.

Ndiye Loweruka lija ndinabwera.
Ndinachiona ndili pamsewu,
chili pachingwe pakati pa masokosi,
chikudontha, choyera mbuu.
Unati chinada kwambiri, unachita nacho manyazi,
unachinyika m'sopo usiku wonse,
n'kuchitikita ndi manja ako awiriwo
omwe amawasambitsa akadwala.

Kuda kumene unachotsako, mlongo wanga,
ndi fumbi lomwe silinafike m'mapapo.
Ndipo mphenzi inapita ndi thovu,
inatsikira m'ngalande kuseri kwa bafa.
Chinatsala ndi nsalu chabe,
yokongola, yamabowo, yosaitana kanthu.

Sindinakuuze. Ndinadya mbuzi yomwe unaphika,
ndinayamika mchere.
Malume anachivala chisanaumitsitse
n'kundigwedezera mutu monyadira.
Pobwerera ndinaona sitima ya malasha,
ndinawerenga mabogi mpaka makumi anayi, ndinasokonezeka.

Tsopano ndi usiku, magetsi abwerera,
dontho lina lalendewera pa singano.
Zinayi zikhala zitatha pofika Lachitatu.
Ndidzazikulunga m'pepala louma,
ndidzampatsa kondakitala wa chapa, wamfupi uja wa dzino lagolide,
iwe ukadikire pa siteji.

Zibwera pa chapa, Delfina,
koma usachape.
Zikada, zisiye zide.
Pali zinthu zina zimene chikondi
chiyenera kuzigwira ndi manja ouma.