Chitseko cha Pansi pa Nthaka

Bambo anabwera nako kuchokera kummwera,
ku zitsime za gasi komwe anatha zaka khumi ndi zinayi:
kachitsulo kozungulira ngati chivindikiro cha ketulo,
kokhala ndi kasipuling'i kake, kokulunga m'sokosi.
Anthu a ku Moatize ankati a Evarisito abwera ndi ndalama.
Anabwera ndi chifuwa, wailesi yakufa, ndi kachitsuloko.

Madzulo, akaphulitsa miyala kumgodi wa malasha,
fumbi litatera pa zovala zathu pachingwe,
ankandiitana: Jenoveva, bwera nacho chala chako.
Kankha apa.
Ndinkakankha mpaka chikhadabo kuyera.
Siya tsopano.
Phaa! Kankatseka kokha.

Ankati, chitsime sachilondera ndi maso okha.
Chitseko chenicheni chili pansi,
mamita mazana, kumene sikufika nyali kapena kapitawo.
Kapaipi kowonda ngati chala chakochi
kamatsika ndi mafuta opanikizidwa
kukachigwira kuti chikhale chotsegula.
Usana ndi usiku kumtunda kumangoti, tilipo, tilipo.
Moto ukabuka,
galimoto ikagunda mutu wa chitsime,
kapaipi kakaduka, alonda akathawa osacheuka,
chitseko sichidikira lamulo la munthu.
Chikangomva kuti zii, chatseka.
Ndipo gasi yemweyo, wofuna kutuluka uja,
ndiye amachitsamira ndi msana kuti chisatsegukenso.

Ndinafunsa, kodi sichitopa?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Chitsulo sichitopa, mwanawe. Amatopa ndi wogwira.

Pakapita miyezi, ankati, tinkachiyesa dala.
Kuchotsa mphamvu yonse,
kuima chilili maso pa singano ya geji,
thukuta likuyenderera m'magolovesi,
aliyense akupempha mumtima kuti singano isagwedezeke.
Chitseko chosayesedwa ndi mphekesera chabe.

Za Kandido sananenepo.
Dzinalo tinkalimva usiku, likudutsa khoma,
amayi akuwagwedeza phewa: dzukani, muli kwanu.
Kukacha ankatsuka njinga
ngati palibe amene wakuwa.

Okutobala wathayu, dzuwa likuswa mtengo,
anagwa podikira shapa pafupi ndi mlatho wa Revubwe,
thumba la malambe lili m'manja.
Tinawoloka nawo Zambezi, mutu wawo uli pamiyendo panga.
Dokotala wa ku Tete anajambula papepala
mtsempha wotsekeka, nati mawu mwina adzabwera,
mwina ayi.

Sanabwere.
Mbali ya kumanja yagona, lilime lagona.
Maso okha ndiwo ali pantchito,
ngati a munthu woyang'ana singano.

Ine tsopano ndimakonza magetsi kumgodi.
Ndimadziwa waya amene amaduka dala
kuti nyumba isapse,
ndipo ndimamulemekeza.
Koma ndikakhala pamphasa pambali pa bedi lawo
mtima umakana kuyamika.
Mwatseka chiyani, bambo?
Ndi moto wanji umene munaona kuti ungatinyambite?
Mwatsekera pamodzi Kandido,
nyimbo za ku Domwe zomwe munkaimba pometa ndevu,
ndi dzina langa lomwe.

Amayi amati ndisawavutitse.
Ine ndimatenga dzanja lawo lamoyo,
n'kukanikiza chala changa pachikhatho,
osasiya, mpaka chikhadabo kuyera:
tilipo, tilipo,
kapaipi sikanaduke, kumtunda kulibe moto,
kuli fumbi chabe, ndi mbuzi ya a Sitoliya
yomwe yadyanso mpiru wathu.

Dzulo ndinapeza sokosi ija pansi pa sutikesi.
Ndinawaikira kachitsuloko m'dzanja lamanzere.
Anakapapasa nthawi yaitali,
kenaka chala chachikulu chinapeza malo ake akale.
Anakankha. Kanatseguka pang'ono.
Anagwira, mkono ukunjenjemera,
sitima ya malasha ikudutsa ndi mabogi ake osatha,
anagwirabe, maso ali pa ine,
mpaka bogi lomaliza.

Phaa.

Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini,
manja ali thovu lokhalokha,
akufunsa kuti chagwa n'chiyani.