Boti la pa Lizulu

Linatipeza m'mawa wa mwezi wa Juni,
boti loyera mbee, litabelekedwa pangolo,
likukokedwa ndi galimoto ya a Kadzamira a ku Lilongwe.
Tayala la ngolo linati phuu! pamaso pathu,
amayi a kabichi n'kumwazikana, matimati ali mbwee mumsewu.

Ine Zakeyu Ngozo, womata matayala,
nyanja ndinaiona kamodzi kokha,
ndili pamwamba pa lole, tikutsika Khwekhwelere:
kachidutswa ka lata kakuphethira kutali.

Si tayala lokha, bwana, beringi nayo yadyeka.
Ina mukaipeza ku boma.
Anamasula ngolo, nandiloza chala:
pasakwere munthu.

Sanakwere munthu.
Ndinakwera ine.

Mipando yofewa ngati buledi wa lero.
Nangula ali gone pakona, chingwe chitamuzinga.
Pansi pa chiwongolero mapu opindapinda,
wina atalemba ndi bolopeni yofiira:
pano pali miyala, pano madzi ngodekha,
pano tinagona masiku awiri.
Kugona pamadzi masiku awiri, osathawa nkhondo,
osasaka nsomba, osaperekeza maliro,
kungofuna basi!

Apo nkhungu inatsika kuchokera ku Mozambiki,
yosafunsa za malire,
inameza msewu, inameza magolosale,
ngolo n'kusowa pansi panga.
Ndinagwira chiwongolero.

Milu ya mbatatesi ya a Namaseko inasanduka zilumba,
ndinaizungulira mwaulemu.
Basi ya ku Blantyre inafwenthera ngati mvuu,
ndinaipatsa njira.
Ndinakhota kuseri kwa chigayo, doko labata,
kumene mafunde ake ndi mawu a anyamata oitanira
akumenya gombe n'kubwerera, kumenya n'kubwerera.
Ngongole ya kwa Chimbalanga inatsalira kumtunda,
ikundikodola, ikuchepa, ikuchepa.

Ababa, mukupita kuti?
Mwatitha, mwana wanga, dengu la mapichesi ouma pamutu.
Kwera msanga, ndinatero, koma upukute mapazi.
Anakhala kutsogolo, nayamba kuloza:
uko ng'ona, ababa, pitani kumanja!
Ng'onayo inali njinga ya kabaza.
Tinaipewa ndithu.

Dzuwa litang'amba nkhungu tinapezeka pomwe tinali,
pa jeke, pambali pa ngalande.

A Kadzamira anabwera itakwana thuu koloko.
Ndinamanga beringi, ndinapopa tayala,
anandilipira osanenerera.
Sanakwere munthu?
Ayi bwana, munthu ayi.

Pochoka, boti linagwedezeka pa bampu,
kabowo ka kumbuyo n'kudontha madzi a ulendo wakale,
mzere woonda pafumbi la Lizulu.
Nkhuku inathamangira kukamwa.

Usiku, povula, ndinapeza mchenga m'mapindiro a buluku,
woyera, wosalala, wosakhala wa kuno.
Sindinaukutumule.
Uli m'kabotolo ka guluu, pashelefu,
pakati pa zigamba ndi sipanala.