Tsamba la Naini

Fayilo yafika Lachiwiri, mapepala makumi awiri ndi atatu,
pakona pali chidindo cha chala cha girisi.
Wopempha: Fanuwelo Chimbalanga, wa ku Rugare, kufupi ndi njanji.
Dzinali ndalitchula kawiri chapansipansi
ngati munthu wolawa ndiwo za eni n'kumvamo mchere wa kwawo.

Akuti wapanga diso.
Kamera yolowa m'chikwama cha mwana wasukulu,
kasola pamutu, batire ya njinga yamoto m'mimba,
yolondera matimati a mlongo wake ku Mbare Musika
usiku umene magetsi achoka osatsanzika.

Ine ntchito yanga n'kufukula.
Zaka zisanu ndi ziwiri pa mpando uno ku Belgravia,
maluwa a jakaranda akuyoyokera pa galimoto za mabwana,
ine ndikufunsa kompyuta funso lomwelomwelo:
kodi ichi chinaonekapo?
Isanakwane teni koloko yayankha.
Chikalata choyamba, kamera ya pamtengo, ya ku Shenzhen.
Chachiwiri, sola yopinda ngati buku, ya Mjeremani wina
amene mwina anatisiya kale.
Ukalumikiza ziwirizi wapeza Fanuwelo.

Lamulo linandipatsa munthu woti ndizimufunsa.
Alibe dzina, alibe mfunda, sakwera kombi.
Amati mmisiri wodziwa ntchito:
anawerenga zonse zolembedwa pansi pano
koma sanalotepo kanthu.
Ndikati, kodi iwe ukanaphatikiza izi?
amayankha osaphethira: ee, n'zodziwikiratu.
Mmisiriyu sanadzukepo folo koloko mbandakucha
n'kupeza mabokosi asanu ndi limodzi atamera miyendo,
mlimi wa ku Mutoko akudikira ndalama zake Lachisanu.

Ndalemba. Zala zimadziwa njira ngati mbuzi zobwerera kukhola:
Zopempha zonse zakanidwa. Palibe luso latsopano.

Tiyi atazizira ndafika tsamba la naini.
Apa Chingerezi chake chikutsimphina, loya sanapondepo.
Akuti fumbi la mu Okutobala limaphimba sola masiku atatu okha,
diso n'kugona.
Ndiye anadula chubu cha njinga,
n'kuchimangirira ku kachitsulo kozula m'ketulo yakufa,
kamene kamapindika dzuwa likaswa mtengo
n'kuwongoka kukazizira.
Kakapindika, mphira imasesa galasi.
Kakawongoka, imasesanso.
Popanda waya, popanda kunyambita moto wa batire.

Ndafukula mpaka okolopa alowa ndi ndowa zawo.
Shenzhen zii.
Mjeremani zii.
Mmisiri wanga uja wangoyang'ana kudenga.

Koma Fanuwelo sanaziike izi m'zopempha zake.
Mwina anachita nazo manyazi, zotolatola za pa Magaba.
Wapempha dzuwa ndi diso, zimene eni ake anazilembetsa kale,
mphira yake n'kuisiya panja
ngati nsapato zamatope pakhomo la abwana.

Sindiloledwa kumuimbira foni.
Sindine loya wake. Sindine mbale wake,
ngakhale dzinalo likununkhira ku Dedza
ndipo mwina makolo athu anapanikizana m'bogi imodzi
pobwera kudzafuna ya mchere.
Ndine woyesa. Sikelo siinong'oneza wogula.

Pansi pa kalata ndawonjezera mzere umodzi, wouma ngati chitsononkho:
Woyesa waona kuti zofotokozedwa pa tsamba la naini
sizikupezeka m'zopempha.
Ndauwerenga katatu, kufufuza ngati mukumveka chifundo.
Mulibe. Ndasaina.

Akaiwerenga ataima pa njanji, adzayamba ndi mawu oti zakanidwa,
ndipo ambiri amathera pompo,
kalata n'kusanduka chokulungira mtedza.
Sindidziwa ngati iye amafika kumapeto kwa zinthu.
Koma munthu amene anatsegula mimba ya ketulo yakufa...

Pa Copacabana kombi yadzaza, kondakitala akumenya chitseko.
Ndakhala kuwindo. Galasi lachita mbuu ndi fumbi,
mzinda wonse sukuoneka.
Ndapukuta ndi chala kuchokera mkati.
Fumbilo lili kunja.