Mphindi Makumi Atatu

Anatipatsa kachipinda kosungiramo mabuku akale,
kuseri kwa labu, konunkha choko ndi mphemvu.
Tebulo limodzi, mipando iwiri, ndi wotchi
imene ndinachotsa pakhoma kwanga ku Kabwata.
Ine ndi Kambani Njobvu wa giredi 12,
nambala ya mayeso atailemba pachikhatho.

Kalata ya dokotala ili mufayilo ya ahedi:
ADHD, zilembo zinayi,
ndi chidindo cha ku Chainama
chimene amayi ake anachiphimba ndi chala
ngati akubisa chilonda kwa ntchentche.
"Si wamisala, madamu," anatero ali pakhomo.
Ndinati ndikudziwa.
Sindinkadziwa kanthu.

Zaka zitatu ndinkamudziwa ngati mwendo chabe,
wogwedeza desiki mpaka mzere wa mnzake kukhota.
Ndinamugwaditsa padzuwa kawiri.
Ndinalemba mulipoti kuti ngwaulesi, ngwosamva,
ndi dzanja lomweli
limene lero lang'amba envelopu ya masamu.

Muholo muli anzake mazana awiri,
ndipo chifuwa cha mmodzi yekha chikanamunyamula
n'kukamusiya pa funso lachiwiri mpaka belu.
Muno akuti muli zii. Zii wa mu Lusaka!
Kondakitala kumsewu akufuula Tauni! Tauni!
ndipo mnyamata wakwera kale basiyo,
ndikumuona, maso ake afika pa Kamwala.
Ndigogoda tebulo kamodzi, monga tinapangana.
Atsika. Abwerera kwa x.

Ola likakwana amaloledwa kuimirira.
Pepala timalivundikira, ine ndimtsata pambuyo
mpaka pa jakaranda wa pafupi ndi mpopi.
Azungulira mtengowo katatu, amwa madzi,
aponda maluwa ofiirira, milomo ikuyenda,
mwina akuwerengetsa, mwina ndi mpira wa dzulo.
Kutentha kwa Okutobala kwatimata malaya kumsana.

Dzulo mustafurumu a Mwanza anati n'kukondera:
"Ife tinalemba wopanda zonsezi, tili pano."
Sindinayankhe. Ndinkaganiza za mlongo wanga Yotamu,
amene sali pano,
amene ankamasula wailesi n'kuibwezera ikulira
koma sanamalizepo pepala ngakhale limodzi.
Atate anathyolera ndodo zingati pa iye?
Lero amakankha wilibala ku Soweto,
ndipo ndikamuona ndimayamba ndayang'ana kumbali.

Belu. Holo yakhuthuka ngati thumba lang'ambika,
nsapato, mluzu, wina akuitana dzina la Kambani.
Apa ndiye mphindi zake zayamba,
makumi atatu, zosainidwa, zodindidwa.
Ndagwira mpweya, chala chili chire pamwamba pa tebulo.
Sadzutsa mutu.
Mwendo ukugwedezeka ndithu, tebulo likunjenjemera,
koma cholembera chikutsika ndi funso lachisanu ndi chinayi
mzere ndi mzere, ngati munthu wotsika makwerero
atasenza ndowa yodzaza.

Sindikudziwa ngati wakhoza.
Mapepala apita kwa anthu osamudziwa nkhope,
osamva mwendowo.
Ndangoona kuti tsamba lomaliza lili ndi inki,
chinthu chimene sindinachionepo kwa iye.

Akutuluka, aima pakhomo, aloza pakhoma:
"Madamu, wotchi yanu imatsalira mphindi zitatu,
ndipo kangaude uyo wamaliza ulusi wake
nthawi imene ndinali pa nambala seveni."
Ndayang'ana. Kangaude alipodi.
Ndakhala muno maola atatu, sindinamuone.