Mphaka Wadya, Anyezi Atha

Eleodoro sanali munthu wa mawu.
Zaka makumi anayi ankakonza zolakwa za anthu ena
pa makina osindikizira, kumunsi kudoko la Valparaíso,
n'kukwera chitunda madzulo, inki m'zikhadabo,
pakamwa pali gwa.
Zimene ankandisiyira ndi timapepala pachitseko cha firiji.
Ndinkatiponya m'chitini cha mabisiketi,
osati mwa chikondi ayi,
koma kuseri kwake kunali malo olembapo ngongole.

Chaka chachiwiri chimuikireni m'manda,
kamnyamata ka nyumba yoyandikana, Benjamín,
kanabwera ndi ntchito ya kusukulu:
ndakatulo yobisa mawu m'zilembo zoyamba za mizere.
Ndinakapatsa chitini kuti kapezemo pochitira zokanda.
Kanatenga pepala limodzi, kanaphimba ndi chikhatho,
kusiya mphepete yokha.

Zenera lakukhitchini likulira, ndithira mafuta Loweruka.
Usaiwale mankhwala a magazi.
Lendi ndalipira.
Enrique wabwereka makwerero.
Mphaka wadya.
Anyezi atha.

“Mayi Zulema, mwadziona?”

Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinavalanso.
Ine amene ndinkawerenga mopingasa moyo wanga wonse,
ngati munthu wodutsa msewu mvula ikugwa,
sindinayang'anepo chotsika.

Tinakhuthulira chitini patebulo.
Ine, ine, inenso, pa mapepala oposa zana.
Ndipo Enrique wosaukayo!
Ndinamuda zaka zonsezi kuti ndi wopemphapempha,
lero nyundo, mawa chingwe, mkuja makwerero,
chikhalirecho mwamuna wanga ankangosowa chilembo E.

Lina linali lopindika pakona, lodontheredwa khofi,
la sabata imene sitinalankhulane
chifukwa cha ndalama za mlongo wake:

Pampu ya madzi ikudontha.
Enrique wabweza nyundo.
Parafini watsala pang'ono.
Ambulera yako ndaisoka.

Ndikukumbuka ndinaliwerenga ndili chiimire,
n'kunena mumtima kuti taonani munthu,
nyumba ikupsa, iye ali pa ambulera.

Kenako mnyamata uja anasanja ena pambali,
ofananafanana, chaka ndi chaka,
onse a pa naini Malichi.

Ine ndichedwa lero.
Nyali yapakhonde yapsa.
Enrique akudwala chifuwa.
Sindidya madzulo.

“Nanga Inés ndani?”

Panja chikepe chokwera chitunda chinalira unyolo wake.
Sitima ina inalira kunyanja, ikutsazika.
Ndinafunafuna chenje m'thumba la epuloni,
ndinamutuma buledi amene sindinkamufuna.

Dzinalo tinasankha tili awiri, pabedi, nyali itazima.
Mwanayo anabadwa osalira.
Kuchokera kuchipatala palibe anatchulanso,
ndipo ndinkati mwamuna uyu ndi mwala,
waiwala ngati mmene amaiwalira chipewa m'basi.
Pamene iye, chaka chilichonse,
ankamuimiritsa mwana wathu m'mphepete mwa pepala,
chilembo pamwamba pa chilembo,
mmene anthu amayezera msinkhu wa ana pakhoma.

Ndinakwiya, ndisaname.
Bwanji osangotsegula pakamwa, Eleodoro?
Ndinali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pa firiji.
Mwambi wopanda woumasulira
ndi kalata yoponyedwa m'chitsime.
Koma mwina unkadziwa kuti ndimasunga chilichonse,
ngakhale zingwe za mapaketi,
ndipo unali munthu wodziwa kudikira:
cholakwa chimapezeka pa kuwerenga kwachitatu, unkatero.

Usiku uno ndayesa luso lako.
N'lovuta. Ndafufuta mpaka pepala kubooka,
ndipo Enrique ndamusiya apume.
Ndamata pa firiji, malo ako omwe aja:

Nyali yapakhonde ndasintha ndekha.
Denga likudonthabe, mbali yako ya bedi.
Anyezi ndagula.
Mphaka wakalamba, sakweranso pazenera.
Vinyo wako sindinatsegule.
Ambulera ija ikugwirabe ntchito.