Kumene Kudapita Feteleza Wanga

Madzi adabwera Lachinayi usiku, Ruo atakangana ndi Shire,
ndipo thumba la yureya limene ndidakongola kwa Alfazema
ndidalipeza Loweruka litakodwa m'bango,
lopepuka ngati malaya a khanda.
Sindidalire. Kuno ku Makhanga tikamalirira chilichonse chopita ndi madzi
misozi ingakhale chigumula chachiwiri.

Koma ndidamuimbira Esinala,
mwana wanga amene amatunga madzi a m'nyanja yamchere m'timabotolo
nalipidwa chifukwa cha zimenezo.
Ndidati, iwe wophunzirawe, ndalama zanga zili kuti?

Adayamba waseka. Kenaka adati, Bambo, tsatani mtsinje.
Mudutse Chiromo, mudutse Nsanje ndi madambo a Ndindi,
mulowe m'Zambezi osaonetsa chiphaso,
mpaka ku Chinde, kumene madzi ofiira amapatsana moni ndi amchere.
Wina watsalira m'matope, wina wadyedwa ndi namasupuni,
koma wina wafika.

Kumeneko, akuti, kuli antchito osaoneka ndi maso,
namtindi m'supuni imodzi.
Oyamba amalandira fungo lija loboola mphuno,
la m'khola la mbuzi m'mamawa,
amalitafuna, nalavula chotsala chake: naitiraiti.
Dzinali ndidalitchula katatu lisanakhazikike pa lilime.
Ameneyo ndi poizoni, Bambo. Akachuluka m'damu
magazi a mphende amada ngati khofi,
nsomba imayasamula, imayasamula, mpweya osagwira.

Ndiye pali achiwiri. Awa ndi amene Esinala amawakonda.
Ena mwa iwo ndi oonda, osongoka uku ndi uku ngati minga ya mthethe,
ndipo amakhala pansi, pamene kuwala kwathera,
kumene kulibe m'mawa, kulibe madzulo.
Ntchito yawo ndi imodzi basi:
kugwira poizoni uja, kumuwonjezera kambewu kamodzi ka okosijeni
kothyoledwa m'madzi momwemo,
ndipo wasanduka naitireti, chakudya cha ndere.
Kambewu kamodzi!
Dzina langosintha pakati, koma imfa yasanduka ndiwo.

Ndidafunsa kuti, amalandira zingati?

Adati, pang'ono zedi.
Mphamvu imene amapeza pamenepo
ili ngati ganyu yopalira ekala yonse
kuti upatsidwe mbale ya madeya.
N'chifukwa chake saswana msanga, sanenepa,
amadikira oyamba aja amalize kuti iwo adye makombo.
Komabe ndi tochepa tomweto amamanga matupi awo mumdima
kuchokera ku mpweya wosungunuka m'madzi,
popanda tsamba, popanda dzuwa.

Apa ndidakhala duu,
chifukwa anthu amenewa ine ndikuwadziwa.
Ndidadula nawo nzimbe ku Nchalo zaka khumi ndi zinayi,
ndipo palibe amene adationapo m'kapu yake ya tiyi.

Muli pomwepo, Bambo?
Ndilipo, pitiriza.

Zimatenga zaka, akuti, mwina zambiri kuposa zanu,
kenaka mphepo imatembenuza madzi a pansi kubwera pamwamba,
ndere zimadya, tinkhanu timadya ndere,
nsomba imameza tinkhanu,
ndipo bakayawo amene amaoloka malire pa njinga kubwera pa Marka...

Ndidamudula mawu. Ukutanthauza kuti ndidzagulanso
feteleza wanga yemwe, pa mulu, wothira mchere?
Kuseka kwake kudathera pakati. Mayunitsi adatha.

Madzi abwerera tsopano. Mchenga wafika m'mawondo a chimanga,
ng'ona yasiya mkukuluzi wa mimba yake pamene padali mbatata.
Alfazema akubwera Lolemba ndi kabuku kake kofiira.
Ndidzamuuza kuti katundu wake ali pa ntchito, kutali,
m'manja mwa anthu osauka koma okhulupirika.
Sindikuganiza kuti adzafufuta dzina langa.

Thumba lija ndalichapa.
Ndatsekera bowo la padenga, pamwamba pa mphasa,
ndipo usiku likamapumira ndi mphepo yochokera kumunsi
ndimayesa kutchula mayina awiri aja osawasokoneza.