A Nkoti

Wailesi ya Zuze yakhala pa chidebe chovundikira,
mabatire tawayanika padzuwa la Bangula tsiku lonse.
Nkhani za m'Chingerezi.
Mtolankhani uja, wa nsapato zoyera, anabwera Lachiwiri,
akuwerenga mawu a amayi:
madzi anafika usiku,
mbuzi zisanu ndi ziwiri zinapita,
mapira agona m'matope.
Ndiye akuti: ankoti.

Amayi aleka kupeta.
"Dzina langa ndalimva, Makhanga ndamva.
Nanga a Nkoti ndi ayani?
Malemu bambo anu anali a Alufandika,
sindinakwatiwenso ine."

Zuze, wa Fomu 3, aseka mpaka kutsamwa.
"Si munthu, amayi, ndi chitseko.
Akati koti, watsegula pakamwa panu
kuti dziko lidziwe kuti izi n'zanu.
Akati ankoti, watseka.
Zotsatirazo n'zake mwini.
Papepala ndi timichira tiwiri m'mwamba,
koma khutu siliona timichira,
ndiye amachita kutitchula."

Amayi ayang'ana m'lichero.
"Watseka?
Inetu ndinali ndisanathe."

Ine ndinalipo Lachiwirilo, kuseri kwa tenti.
Itapita mbuzi yachisanu ndi chiwiri
amayi anapitiriza:
za Thomasi Nsingano, mwini bwato,
amene anabwerera kanayi mumdima
osatchula ndalama;
za mabulangete amene atipatsa
kuno kumene buluzi yemwe amapempha mthunzi,
pomwe ife tikufuna mbewu ya mbatata
tikabzale madzi akaphwa;
za manda a bambo,
kuti akufuna akaone ngati mtanda udakali chilili.
Mtolankhani anali atatseka kale cholembera,
maso ali pa galimoto.

Wailesi yapitirira ku mpira.
Amayi akupeta, mankhusu akugwera pa mapazi.
Akuyeseza chapansipansi, ngati akulawa bwemba:
ankoti, ankoti.

M'mawa pamzere wa ufa
wapampando wa msasa walankhula mpaka mithunzi yafupika.
Ana akulira, mapazi akupsa.
Amayi akweza dzanja mwaulemu:
"Ankoti, bambo."
Mzere wonse kuphulika.

Koma usiku, udzudzu ukayamba,
amatiitana ine ndi Zuze pafupi ndi mphasa.
"Tsegula chitseko chija."
Zuze amati koti.
Amayamba ndi mayina a mbuzi,
Nyamathanga, Chipsera, kamwana kopanda dzina,
mpaka tulo tiwapeze pakati pa mawu.
Zuze amangokhala duu.
Liwu linalo salitchula.